Mphatso ya Tsiku Lotsekera Sukulu Ipite kwa Yani?

Mwezi wa Disembala umabweretsa zinthu ziŵiri m'moyo wa mwana wa sukulu mu mzinda wa Blantyre. Choyamba ndi tsiku lotsekera teremu yoyamba, pamene mphunzitsi wamkulu amaima pabwalo ndi kuitana maina a ana amene akhoza bwino mayeso, ndipo m'masukulu ambiri nambala 1, 2 ndi 3 amalandira kope, cholembera kapena sopo, anzawo akuwomba m'manja. Chachiŵiri ndi munthu wa ndevu zathonje ndi mkanjo wofiira amene amaoneka m'masitolo akuluakulu ndi pa zithunzi zotsatsira malonda, amene ana amamutcha Father Christmas. Mwana wa ku Chinyonga safunika kukwera minibasi kuti akamuone, pakuti Chichiri ndi pafupi pomwepa. Zinthu ziŵirizi zimaoneka ngati zosiyana, koma zimamphunzitsa mwana phunziro limodzi, lakuti mphatso imapita kwa amene ali nazo kale, kaya ndi nzeru za m'kalasi kaya ndi makolo a ndalama.

Ife tikuona kuti phunziro limeneli ndi lolakwika, ndipo mphunzitsi angathe kulikonza m'kalasi mwake popanda kudikira kalata yochokera ku Unduna. Kuti maganizo athu amveke bwino, tiyenera kutsata mapazi a munthu wa mkanjo wofiirayu kubwerera kumene anachokera. Njira yake imadzera ku America, kuchoka kumeneko imafika ku Netherlands, dziko limene ambiri timalitcha Holland, ndipo imakathera kwa bishopu wina wa zaka za m'ma 300. Pa ulendowu pali zimene tiyenera kutola ndi zimene tiyenera kusiya panjira.

Bishopu wa ku Myra

Nicholas anali bishopu wa mzinda wa Myra, m'chigawo cha Lycia, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Malowo lero ali m'dziko la Turkey, ndipo tauni imene ili pamenepo imatchedwa Demre. Mwambo wa Mpingo umati iye anabadwira ku Patara cha m'ma 270 ndipo anamwalira pa 6 Disembala cha m'ma 343. Nchifukwa chake tsiku lomukumbukira ndi 6 Disembala. Mbiri za moyo wake zinalembedwa patapita zaka mazana angapo iye atamwalira, motero mphunzitsi pozifotokoza azinena poyera kuti ndi nkhani zimene Akhristu akhala akusimba mibadwomibadwo. M'chaka cha 1087 amalinyero anatenga mafupa ake ku Myra ndi kupita nawo ku Bari, ku Italy, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake linafala kwambiri kumadzulo kwa Ulaya. Amalinyero, amalonda ndi ana a sukulu anamutenga kukhala nkhoswe yawo.

Nkhani yake yodziŵika koposa ndi ya bambo wina amene chuma chinamuthera ali ndi ana aakazi atatu. Pa mwambo wa dziko limenelo mtsikana pokwatiwa ankapita ndi chuma chochokera kwa makolo ake. Wopanda chumacho sankapeza banja, ndipo chimene chinali kuwadikira atsikana atatuwo ndi moyo wogulitsa thupi. Nicholas atamva, anapita usiku ndi kuponya kathumba ka golide pazenera, mwana woyamba nkukwatiwa. Anachitanso chimodzimodzi kwa wachiŵiri. Ulendo wachitatu bamboyo anabisalira kuti aone mwini wake wa chifundo chimenechi. Atamugwira, Nicholas anamupempha kuti asauze munthu aliyense.

Tiyeni tione zinthu zitatu m'nkhaniyi. Mphatsoyo inapita kumene kunali kusoŵa. Sinayambe yafunsa ngati atsikanawo anali omvera kapena anzeru. Ndiponso inabwera usiku, kuti bambo wosaukayo asaŵerame mutu pamaso pa anthu a mumzinda. Chachitatuchi ndicho chovuta kwa ife anthu, pakuti ambiri timakonda kupatsa pamene pali maso.

Mmene Adatchi anasungira mwambowu

Amsterdam ndi mzinda wa zombo, choncho Nicholas, nkhoswe ya amalinyero, anakhala nkhoswe ya mzindawo. Tchalitchi chake chakale koposa, chotchedwa Oude Kerk, chinapatulidwa m'dzina lake mu 1306. Pakamwa pa anthu dzina lakuti Sint Nicolaas linafupika nkukhala Sinterklaas. Mu 1578 ulamuliro wa mzindawo unapita m'manja mwa Apolotesitanti, ndipo abusa otsatira chiphunzitso cha John Calvin analimbana ndi chikondwererochi poona kuti ndi chotsalira cha Chikatolika. M'zaka za m'ma 1600 mizinda ingapo inaletsa kugulitsa zidole ndi timikate ta Sinterklaas m'misika. Komabe makolo sanasiye. Mwambowo unachoka m'tchalitchi ndi m'miseu nkukaloŵa m'nyumba, ndipo uli komweko mpaka lero, pakati pa Akatolika, Apolotesitanti ndi osapembedza omwe.

Nthaŵi imeneyi kumeneko kumakhala chisanu choopsa, mitengo itayoyola masamba, dzuŵa likuloŵa isanakwane 5 koloko madzulo. Pakati pa Novembala munthu wovala ngati bishopu, ndi chisoti chachitali ndi ndodo yaubusa, amafika pa sitima ya pamadzi, akuti kuchokera ku Spain, nkukwera kavalo woyera kuzungulira mzinda, wailesi yakanema ikuonetsa dziko lonse. Kuyambira tsikulo ana amaika nsapato yawo pafupi ndi malo osonkhapo moto asanagone, ataikamo karoti wa kavaloyo, ndipo amaimba nyimbo. M'maŵa amapezamo maswiti, timabisiketi tonunkhira totchedwa pepernoten, kapena chokoleti choumbidwa ngati chilembo choyamba cha dzina lawo. Tsiku lalikulu ndi madzulo a pa 5 Disembala, amene amatchedwa pakjesavond, kutanthauza madzulo a timitokoma. Amene amaika zonsezi mu nsapato ndi makolo, ndipo mwana amazindikira zimenezi akafika zaka 7 kapena 8.

Kumene mwambowo unakhota

Mpaka pano nkhaniyi ndi yokoma. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sinterklaas wa Adatchi anapatsidwa zinthu ziŵiri zimene Nicholas wa nkhani ya atsikana atatu analibe: buku lalikulu lolembamo khalidwe la mwana aliyense, ndi chikoti cha mwana wosamvera. Ana ankaopsezedwanso kuti wopulupudza kwambiri adzaikidwa m'thumba ndi kutengedwa kupita ku Spain. Mphatso inasanduka malipiro a khalidwe.

Pali chithunzi chimene tikulakalaka mphunzitsi aliyense atachiona. Anajambula ndi Jan Steen cha m'ma 1665, ndipo chimasungidwa ku Rijksmuseum mu Amsterdam. Chimaonetsa banja pa tsiku la Sinterklaas. Kutsogolo kuli kamtsikana kakukumbatira chidole chatsopano, nkhope ili ngwee. Pambali pali mnyamata akulira, chifukwa mu nsapato yake mwapezeka chikoti. Mtsikana wamkulu wanyamula nsapatoyo kuti onse aione, ndipo mwana wina akumuloza chala akuseka. Chakumbuyo, pafupi ndi nsalu yotchinga, kuli agogo akumukodola mnyamatayo, ngati pali kena kake kamene amusungira. Pa anthu onse a m'chithunzicho, agogowo ndiwo afanana ndi bishopu wa ku Myra. Tsono aphunzitsi anzathu, taganizani za bwalo la sukulu pa tsiku lotsekera, maina akuŵerengedwa kuyambira nambala 1 mpaka womaliza. Kamtsikana ka chidole timakadziŵa, mnyamata wolira timamudziŵa, oloza chala timawadziŵanso. Amene amasoŵa kaŵirikaŵiri pabwalopo ndi agogo aja.

Kukhota kwachiŵiri kunachokera kwa mphunzitsi mnzathu. Mu 1850 Jan Schenkman, amene anali mphunzitsi wa ana mu Amsterdam, anatulutsa kabuku ka zithunzi kotchedwa Sint Nikolaas en zijn knecht, kutanthauza Nicholas Woyera ndi wantchito wake. Kabukuka kanakhazikitsa m'maganizo a ana sitima ya pamadzi ija, pamodzi ndi wantchito wakhungu lakuda woyenda pambuyo pa bishopu woyera. Pa nthaŵiyo ukapolo unali usanathe m'maiko olamulidwa ndi Adatchi. Ku Suriname unatha mu 1863. Wantchitoyo pambuyo pake anadziŵika ndi dzina lakuti Zwarte Piet, ndiye kuti Piet Wakuda, ndipo kwa zaka zoposa 100 azungu ankadzipaka nkhope zakuda, milomo yofiira, kuvala tsitsi lopotana ndi ndolo, nkumachita zachibwana pamaso pa ana. Mu 2011 Quinsy Gario ndi Jerry Afriyie anagwidwa ndi apolisi ku Dordrecht atavala malaya olembedwa kuti mwambowo ndi tsankho la khungu. Mkangano unakula dziko lonse. Mu 2019 chikondwerero cha pa wailesi yakanema ya dziko chinaonetsa othandiza a Sinterklaas ongodetsedwa ndi mwaye wa m'chumuni, opanda kupaka nkhope yonse, ndipo mu 2020 Nduna Yaikulu ya nthaŵiyo, Mark Rutte, inanena poyera kuti yasintha maganizo ake pa za Zwarte Piet.

Apa pali maphunziro aŵiri kwa ife. Chimene mphunzitsi wajambula lero pofuna kusangalatsa ana chingathe kukhala ndi moyo zaka 150 ndi kupweteka ana amene iye sanawaganizireko. Ndiponso mwambo, ngakhale ukhale wokondedwa chotani, eni ake angathe kuukonza popanda kuupha.

Mmene anafikira kwathu kuno

Adatchi anamanga mudzi wotchedwa New Amsterdam ku America, umene Angelezi analanda mu 1664 ndi kuutcha New York. Kumeneko dzina lakuti Sinterklaas linasanduka Santa Claus. Washington Irving analemba za Nicholas Woyera m'buku lake la mbiri yoseketsa ya New York mu 1809. Ndakatulo ina ya mu 1823 inafalitsa maganizo akuti iye amabwera usiku wolindira Khirisimasi pa ngolo yokokedwa ndi nyama zonga mbawala. Thomas Nast anamujambula kuyambira mu 1863 ngati nkhalamba yonenepa, ndipo kuyambira mu 1931 Haddon Sundblom anamujambula pa zithunzi zotsatsira Coca-Cola ali ndi zovala zofiira zimene tikuzidziŵazi. Chisoti chaubishopu ndi ndodo yaubusa zinatsala panjira. Ku Britain anasakanikirana ndi Father Christmas wa Angelezi, ndipo ndi dzina limeneli anafika kwathu kuno, kudzera m'mabuku, m'makadi ndi m'masitolo.

Chodabwitsa nchakuti Adatchi enieni akhala pakati pathu zaka zambiri. Mwa ansembe atatu a chipani cha Montfort amene anafika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, mmodzi, Anton Winnen, anali Mdatchi. Arkiepiskopi woyamba wa Blantyre, John Baptist Theunissen, amene anakhala pa mpandowo kuyambira 1959 mpaka 1967, anali Mdatchi. Abulazala a chipani cha FIC, chochokera ku Maastricht, anagwira ntchito yosula aphunzitsi ndi yophunzitsa ana osamva ku Nguludi. Aja a mishoni ya ku Mvera ya mu 1889, amene makolo athu ankawatchanso Adatchi, anachokera ku Cape, ku South Africa, ndipo mpingo wawo susunga masiku a oyera. Ngakhale zili chonchi, mwambo wa nsapato wa pa 5 Disembala sunamere m'makomo mwathu. Amene anatifika ndi mdzukulu wokulira m'sitolo, ndipo ana athu sadziŵa kuti gogo wake anali ndani.

Chimene tingatole

Pali mbali imodzi ya mwambo wa Adatchi imene masitolo sanaitenge, chifukwa mulibe phindu lambiri, ndipo ndiyo imene tikufuna aphunzitsi aiganizire. M'makalasi a ana okulirapo a ku pulaimale, amene azindikira kale kuti Sinterklaas ndi munthu wovala chabe, ana amachita maere. Dzina la mwana aliyense limalembedwa pa kapepala, aliyense nkutola kamodzi mosaona, ndipo dzina limene watola amalisunga mumtima. Kenaka amamukonzera mnzakeyo kamphatso kakang'ono, ka mtengo umene onse agwirizana kuti usapitirire, nkukabisa m'chinthu chimene wapanga yekha ndi makatoni ndi mapepala, choumbidwa mofanana ndi zimene mnzakeyo amakonda. Pamwamba amaikapo ndakatulo yonena za mnzakeyo, yolembedwa ngati yachokera kwa Sinterklaas. Motero aliyense amapatsa, aliyense amalandira, mwana wa olemera sangapose mnzake ndi ndalama, ndipo wopatsa amabisika. Apa mwambowo wabwerera pafupi ndi zenera lija la ku Myra.

Izi si zachilendo kwenikweni kwa ife. Timadziŵa kupatsa kwa mitundu iŵiri. Pali perekaniperekani wa paukwati, pamene ndalama imaponyedwa anthu akuona, nyimbo ikulira. Kupatsa kumeneku kuli ndi malo ake, chifukwa wolandira ndi mkwati ndi mkwatibwi pa tsiku la ulemu wawo. Koma palinso mbale ya ndiwo imene mayi amatumiza kwa mnansi wake madzulo, itavundikiridwa, atamuuza mwana kuti apite nayo kuseri kwa nyumba. Palinso ufa umene amayi amapita nawo kumaliro atauphimba ndi nsalu. Makolo athu ankadziŵa kuti wosoŵa sapatsidwa ndi ng'oma. Vuto lathu m'masukulu ndi lakuti tatenga perekaniperekani ndi kumugwiritsa ntchito pamene pamafunika mbale yovundikira.

Mmene tingachitire m'kalasi

Tiyerekeze kalasi la Sitandade 5 la ana 80 pa sukulu ina yapafupi ndi Chinyonga. Ena makolo awo ali pa ntchito m'maofesi, ena amagulitsa mu msika wa Limbe, ena amayendera maganyu, ena akuleredwa ndi agogo. Kutatsala masabata atatu kuti sukulu itsekedwe, mphunzitsi agaŵe ana m'magulu a khumikhumi, ndipo gulu lililonse lichite maere m'chitini chakechake. Mphunzitsi yekha alembe m'buku lake amene watola yani, kuti pasakhale mwana woiŵalika.

Lamulo loyamba likhale lakuti palibe chogula. Kuno sitingaike malire a mtengo monga amachitira Adatchi, pakuti Disembala ndi mwezi wa feteleza ndi wa ufa wotha m'thumba, ndipo kwa mabanja ena ngakhale ndalama yochepa ndi ndiwo za tsiku limenelo. Mphatso ipangidwe ndi manja: galimoto yamawaya, mpira wachikulunga, chidole chadothi, kathumba kosungira zolembera kosokedwa ndi tinsalu totsala kwa atelala, kabuku kosokedwa ndi mapepala osalembedwa a m'makope akale, kansengwa kamlaza. Zipangizo zisonkhanitsidwe pamodzi m'kona ya kalasi, aliyense atengepo, ndipo ntchito yaikulu ichitikire m'kalasi momwemo pa nthaŵi ya phunziro la zaluso. Ikapita kunyumba yonse, ndiye kuti apikisana ndi makolo.

Lamulo lachiŵiri likhudze ndakatulo. Pa nthaŵi ya Chicheŵa mwana aliyense alembe mizere inayi kapena isanu ndi umodzi yonena chinthu chimodzi chabwino ndi choona chimene waona mwa mnzakeyo: kuti amasesa osauzidwa, kuti amabwereka anzake pensulo, kuti amathamanga, kuti amaperekeza mng'ono wake kudutsa mseu. Adatchi m'ndakatulo zawo amakonda kunyogodolana pang'ono. Ife m'kalasi la ana 80 tisatengere zimenezo, chifukwa nthabwala ya mwana imapsa msanga. Mphunzitsi aŵerenge ndakatulo zonse lisanafike tsikulo, ndipo achotse chilichonse chokhudza thupi, khungu, mtundu, zovala kapena malikisi a mwana. Wolemba asasaine dzina. Ntchito imeneyi ili ndi phindu lina limene silioneka msanga. Mwana amene watola dzina la mnzake amene samucheza naye amakakamizika kumuyang'anitsitsa masabata atatu kufunafuna chabwino mwa iye, ndipo ameneyo ndi maphunziro a khalidwe oposa chiphunzitso chilichonse cha pa bolodi.

Lamulo lachitatu ndi la tsiku lenilenilo. Mphatso zonse ziikidwe pa mphasa ndi kuphimbidwa ndi chitenje, iliyonse ili ndi dzina la mwini wake. Ana aitanidwe motsata kaundula wa kalasi, osati motsata manambala a mayeso. Mphunzitsi akhale atasungiratu mphatso zapadera zisanu kapena zisanu ndi imodzi ndi ndakatulo zake, zopangidwa ndi ana amene amatsiriza ntchito msanga, chifukwa sipalephera kukhala wodwala kapena wojomba, ndipo mwana mmodzi wotsala chimanjamanja amafafaniza ntchito yonse. Kwa ana a Sitandade 1 ndi 2, amene sangasunge chinsinsi kapena kulemba ndakatulo, kalasi la akuluakulu liwapangire zidole, mwana aliyense chake.

Lamulo lachinayi ndi la ife akuluakulu. Nthaŵi zina mipingo, mabungwe kapena anthu akufuna kwabwino amabweretsa makope, yunifolomu kapena nsapato kuti zipite kwa ana ovutika. Tisawaimike anaŵa pamzere kutsogolo kwa sukulu yonse, tisawatche amasiye pa chimkuzamawu, ndipo tisalole kuti ajambulidwe atanyamula katunduyo. Mwana amene wavala yunifolomu imene sukulu yonse inaona akulandira amaivala pamodzi ndi dzina. Komiti ya sukulu ndi gulu la amayi amadziŵa makomo a anaŵa. Katunduyo apite kwa kholo kapena agogo mwakachetechete, ndipo mwana alandire kuchokera m'manja mwa omulera. Kaundula wa zimene zalandiridwa ndi kumene zapita alembedwe bwinobwino ndi kusainidwa, pakuti kubisa wolandira sikutanthauza kubisa katundu.

Zimene ena anganene

Ena adzati mpikisano ndi umene umalimbikitsa ana, ndipo kupatsa aliyense ndi kufooketsa olimbikira. Ife sitikuti wokhoza bwino asayamikiridwe. Chicheŵa chili ndi mawu aŵiri amene tisawasokoneze: mphoto ndi mphatso. Mphoto munthu amaigwirira ntchito, ndipo wopambana ailandire poyera, pamodzi ndi amene wakwera kwambiri kuchokera pamene anali, ndi amene sanajombe teremu yonse. Mphatso imachokera ku kupatsa, ndipo siifunsa malikisi. Choipa ndi pamene sukulu ili ndi mphoto zokhazokha, kotero kuti mwana amatha zaka zonse za ku pulaimale osamvapo dzina lake likuitanidwa pa chinthu chabwino. Mwana wotere akasiya sukulu sitiyenera kudabwa.

Ena adzati bwanji tikutengera miyambo ya ku Ulaya. Yankho lathu ndi lakuti mlendoyu analoŵa kale m'mudzi, ndipo ana amamuona chaka ndi chaka popanda womufotokoza. Sitikupempha kuti munthu avale ndevu zathonje m'kalasi, kapena kuti ana aike nsapato pakhomo, pamene ena nsapatoyo alibe. Tikungotenga njira ya maere ndi ndakatulo, chifukwa ikugwirizana ndi mbale yathu yovundikira. Akuluakulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko titenge, chikoti ndi nkhope yopaka timusiyire.

Ena adzakumbutsa kuti m'kalasi muli ana a Chisilamu, ndi ana a mipingo imene sisunga Khirisimasi kapena masiku a oyera. Ichi nchoona, ndipo nchifukwa chake tsikuli litchedwe tsiku lopatsana la kutsekera teremu, lopanda mapemphero a mpingo umodzi. Nkhani ya Nicholas ifotokozedwe ngati mbiri, mapu ali pakhoma, ana aloze Turkey, Italy, Netherlands ndi New York. Mwana wa Chisilamu afunsidwe kufotokoza za zakaati ndi sadaka, ndipo anzake adzaona kuti kuthandiza wosoŵa popanda kumuchititsa manyazi ndi chiphunzitso cha zipembedzo zonse ziŵiri. Kholo limene silifuna kuti mwana wake atenge mbali limvedwe mwaulemu.

Ena adzadandaula za nthaŵi, popeza masabata omaliza ndi a mayeso ndi kuchonga. Koma kulemba ndakatulo ndi ntchito ya Chicheŵa, kuumba ndi kusoka ndi ntchito ya zaluso, ndipo masiku a pakati pa mayeso ndi kutsekera ndi amene ana amangoseŵera panja aphunzitsi ali pa mulu wa mapepala. Ntchito ya manja imawasunga pamalo amodzi.

Funso lomaliza ndi limene aphunzitsi achinyamata amafunsa kaŵirikaŵiri: kodi mwana akafunsa ngati Father Christmas alikodi, timuyankhe chiyani? Ife tikuti timuuze zoona. Ku Netherlands nthanoyi imayenda chifukwa m'makomo ambiri muli kholo lodzaza nsapato usiku. Kumene kholo silingathe, nthano yakuti mwana wabwino amalandira ndipo woipa salandira imasanduka chiŵeruzo pa mwana wosalakwa. Iye amaona kuti mnzake wa mpanda wanjerwa walandira njinga, ndipo amaŵerengera yekha kuti woipa ndi iye. Timuuze kuti wa m'sitoloyo ndi munthu wolembedwa ntchito amene wavala zovala za seŵero, kuti mphatso za anzake agula ndi makolo awo, ndi kuti munthu weniweni amene nkhaniyi inayambira ankafunafuna nyumba yosoŵa, osati nyumba ya mwana wokhoza.

Kwa amene mukupita kukayesera kuphunzitsa

Inu amene mukupita m'masukulu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Machinjiri ndi kuno ku Chinyonga, mudzapeza mwambo wa tsiku lotsekera utakhazikika kale, ndipo si ntchito yanu kukatsutsana ndi mphunzitsi wamkulu pabwalo. Yambani ndi kalasi lanu. Pemphani chilolezo, fotokozerani makolo kuti palibe ndalama imene ikufunika, konzani chitini cha maina. Ikatha ntchitoyo, lembani zimene zayenda ndi zimene zavuta, ndipo mutumize ku magazini ino kuti anzanu a chaka chamaŵa aphunzirepo.

Makolo anati kupatsa nkuika. Kaŵirikaŵiri mwambiwu timaumva ngati wonena za munthu amene ali ndi nkhokwe yodzaza. Koma mwana wa kwa agogo, amene moyo wake wonse wakhala wolandira ndi wothokoza, akaona mnzake akusekerera galimoto yamawaya imene iye wapinda ndi manja ake, mnzakeyo osadziŵa kuti yachokera kwa yani, amazindikira kuti nayenso ali ndi choika. Chimenechi sichigulidwa m'sitolo, ndipo mphunzitsi angathe kuchipereka kwa ana 80 tsiku limodzi.